Kusaka Nguluwe ndi Agalu Popanda Kutaya Galu

Nguluwe ikalawa munda wanu kamodzi imabweranso, ndipo kachiwiri siibwera yokha. Alimi a m'tsinde mwa mapiri a Namizimu, a ku Namwera, ku Katuli ndi mbali ya Phirilongwe safuna wowauza zimenezi. Chinangwa chomwe mwachidikira chaka chathunthu zimachifukula usiku umodzi. Chimanga chikafika pa mondokwa zimachigwetsa mizere yathunthu, kuluma apa, kusiya, kukagwetsanso china kutsogolo, moti chowonongeka chimaposa chodyedwa. Mbatata, mtedza, nzimbe za kudimba, palibe chomwe zimasiya.

Anthu amayesa kugona pachilindo, kuimba zitini, kusonkha moto m'mbali mwa munda. Masiku oyamba zimathandiza, kenako nguluwe zimazolowera. Ndiye ambiri amatembenukira kwa agalu. Chomvetsa chisoni n'chakuti agalu ena amapita ku uzimba osabwerako, ena amabwera atang'ambidwa pamimba, chifukwa mwini wawo ankaganiza kuti galu wabwino ndi amene amalumphira nyama. Ine sindiona choncho. Ntchito ya galu ndi kuipeza nguluwe, kuiimitsa ndi kukuitanani. Kupha ndi kwa munthu. Malangizo onse ali m'munsimu atsamira pamenepo.

Yambani ndi lamulo komanso anansi

Musanatole mkondo, dziwani pomwe mwaima. Boma la Mangochi lili ndi malo otetezedwa mbali zonse: nkhalango ya Namizimu, ya Phirilongwe, ya Mangochi imene kuyambira 2018 ikuyang'aniridwa ndi bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks pamodzi ndi paki ya Liwonde, komanso paki ya Lake Malawi ku Cape Maclear. M'malo amenewa kusaka ndi mlandu, ngakhale nguluweyo mwaiyambira m'munda mwanu. Lamulo la National Parks and Wildlife Act linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo pa milandu ikuluikulu ya nyama zakutchire munthu atha kukakhala kundende mpaka zaka 30. Galu sadziwa malire, inu ndinu mumawadziwa. Nguluwe ikawoloka kulowa m'nkhalango ya boma, itanani agalu, uzimba wa tsikulo wathera pomwepo. 

Pitani kwa amfumu mukawauze kuti nguluwe zakuvutani, ndipo ngati n'kotheka akaone okha mundawo. Kuchokera apo kaonaneni ndi a Dipatimenti yoona za mapaki ndi nyama zakutchire. Iwowo ndi amene angakuuzeni chomwe mwaloledwa kuchita m'dera lanu, ndipo nthawi zina amatumiza alonda awo kudzathana ndi nyama zovutitsa. Chilolezo chikhale cholembedwa, chifukwa mawu a pakamwa sathandiza tsiku lomwe mwakumana ndi alonda panjira mutasenza nyama. Makhwekhwe a waya, poizoni ndi kutentha tchire, izi musaziyese n'komwe. Mwambi uja woti nguluwe idalira msampha utaning'a ndi wa masiku a misampha ya luzi. Waya wa masiku ano saning'a, ndipo amene amagwidwamo kawirikawiri ndi galu kapena mbuzi ya mnzanu.

Nkhani ya anansi ndi yaikulu kuno kwathu. Eni minda ambiri ndi Asilamu, ndipo kwa iwo nyama ya nguluwe ndi haramu. Amafuna nguluwe zichoke, koma safuna nyamayo pakhomo pawo. Choncho gwirizanani kale kuti amene adzasenze ndi kusenda ndani, adzasendera kuti, adzadutsa njira iti. Musabwereke mpeni, beseni kapena njinga ya munthu wosadya nyamayi. Musatsukire magazi pamjigo. Agalu nawo agwireni pachingwe mukamadutsa pafupi ndi mzikiti kapena pakhonde pomwe anthu ayala mphasa. Mukalemekeza zimenezi, anthu omwewo ndi amene adzakuuzeni kumene nguluwe zadutsa usiku.

Idziweni nyama yomwe mukuitsata

Nguluwe ndi njiri anthu ena amazisokoneza. Njiri imayenda masana, imathamanga mchira uli chilili, ndipo imagona kuuna, kumene imalowa chafutambuyo mano atayang'ana kunja. Galu wolowetsa mutu kuuna kwa njiri amatulukako nkhope itang'ambika. Nguluwe imayenda usiku, ili ndi ubweya wofiirira kapena wakuda ndi chitsukwa choyererako pamsana, ndipo masana imagona m'ziyangoyango zothinana, m'mabango, kapena m'zigwa za mitsinje momwe muli mthunzi ndi matope. Yaikulu imalemera makilogalamu 60 mpaka 80, zina kuposa 100. Zimayenda m'magulu, nthawi zambiri yamphongo imodzi, zazikazi ndi ana.

Mano ake saoneka patali ngati a njiri, ndipo apa ndi pamene agalu ndi anthu amanyengekera. Akunsi ndi aafupi koma amanoledwa ndi akumwamba nthawi iliyonse ikatseka pakamwa. Simaluma kwenikweni, imakwapula ndi mutu chokweza, ndiye mabala ake amapezeka pakhosi, pachifuwa, pamimba ndi m'mphechepeche mwa galu. Imasambiranso bwino. Ikathawira mu Shire kapena m'mabango a ku Malombe, isiyeni, kumeneko ng'ona zimakonda galu kwambiri.

Bere lake limatenga pafupifupi miyezi inayi ndipo zambiri zimaswa mvula ikamayamba. Ana ake amakhala ndi mizeremizere, ndipo make amawaunjikira udzu ngati chisa. Nthawi imeneyi yaikazi ndi yamphongo yomwe sizithawa, zimabwerera kudzamenya. Mukaona timapazi ta ana pakati pa mapazi aakulu, bwererani nawo agalu anu.

Kusankha agalu

Agalu achikuda ndi amene amaitha ntchitoyi. Anazolowera kutentha kwa kunyanja, mapazi awo ndi olimba, sadwaladwala, ndipo amadya zomwe pakhomo pali. Anthu ena amathamangira agalu akuluakulu a mtundu wa Boerboel kapena German Shepherd poganiza kuti kukula ndiye mphamvu. Galu wolemera amatopa msanga dzuwa likakwera, sakhota mwachangu m'ziyangoyango, ndipo chifukwa chodzidalira amakumana ndi nguluwe maso ndi maso. Funani wa msinkhu wapakati, wa chifuwa chakuya, wa chiuno chopyapyala, wa ubweya waufupi. Ngati mungasankhe mtundu wa ubweya, tengani woyera kapena wa mawanga oyera, kuti m'tchire lothinana musamusokoneze ndi nguluwe.

Mwana wa galu mutengeni kwa make amene mukudziwa kuti amasaka, ndipo asachoke kwa make asanakwane milungu isanu ndi itatu. Pagulu la ana musatenge wolusa kwambiri kapena wobisala kumbuyo. Tengani amene mphuno yake ili pansi nthawi zonse ndipo mukaomba m'manja amadzidzimuka n'kubwera kudzaona.

Agalu atatu mpaka asanu ndi okwanira. Akachuluka amalimbitsana mtima n'kuyamba kuilumphira nyama, komanso simungawayang'anire onse. Pagulupo pakhale mmodzi wamkulu wodziwa fungo, kawirikawiri amakhala wamkazi. Akulu anati galu wamkota sakandira pachabe, ndipo m'tchire muzaziona nokha: ena akamauwa gologolo, iye ali chete, akauwa ndiye kuti ilipo.

Kuwaphunzitsa

Phunziro loyamba, ndipo lalikulu kuposa onse, ndi kubwera akaitanidwa. Yambani ali ndi miyezi iwiri kapena itatu. Sankhani likhweru limodzi losasinthasintha, muziliimba nthawi iliyonse mukamamupatsa chakudya. Kenako muziliimba ali kusewera, akabwera mumpatse kausipa. Musamuitane kuti mumumenye ayi, galu womenyedwa atabwera amaphunzira kuti kubwera n'kolakwa. Galu amene sabwera pa likhweru ali pakhomo sadzabwera ali pamaso pa nguluwe, ndipo wotereyo asapite ku uzimba ngakhale akhale wa liwiro chotani.

Lachiwiri ndi kusiya ziweto. Akulire pakati pa mbuzi ndi nkhuku, ndipo akangoyamba kuthamangitsa, mukalipireni nthawi yomweyo, osati patapita ola. Milandu ya mbuzi zolumidwa yathetsa magulu a agalu ambiri kuposa mano a nguluwe.

Akafika miyezi isanu ndi umodzi muziyenda naye kutchire m'mawa, popanda kusaka, kuti mapazi alimbe ndipo aphunzire kubwerera kwa inu akatalikira. Ngati muli ndi chikopa chouma cha nguluwe, chikokeni pansi mozungulirazungulira, muchibise m'chitsamba, mumusiye achipeze. Poyamba mtunda ukhale waufupi, kenako muziutalikitsa ndi kudikira kuti fungo lizizire. Akachipeza n'kuyamba kuuwa, muyamikeni ali kuuwa komweko. Akachigwira n'kumachikoka, mulandeni osanena kanthu. Mukatero amaphunzira kuti chokondweretsa mwini wake ndi mawu, osati mano.

Ku uzimba weniweni asapite asanakwane chaka. Maulendo oyamba akhale pachingwe kumbuyo kwa wamkota uja, aone, amve fungo, amve kulira kwa nguluwe. Mumumasule pamene nyama yagwa kale. Galu wovulazidwa ulendo woyamba amatha kukhala wamantha moyo wake wonse, kapena kusanduka wolusa mopanda nzeru.

Za kumudyetsa tsabola kapena chamba kuti alimbe mtima, zisiyeni. Galu wosokonezeka mutu samva likhweru.

Katemera, nkhupakupa ndi mphika wa agalu

Chiwewe chilibe mankhwala chikaonekera, kwa galu ngakhale kwa munthu, ndipo galu wosaka amakumana ndi nkhandwe ndi agalu osokera kuposa wa pakhomo. Abayitseni katemera akakwana miyezi itatu, kenako chaka chilichonse. Alangizi a ziweto a m'dera lanu amadziwa masiku omwe katemera amabwera, nthawi zina chakumapeto kwa Seputembala, poti pa 28 mwezi umenewu ndi tsiku lokumbukira kulimbana ndi chiwewe padziko lonse. Kapepala ka katemera kasungeni bwino. Munthu akalumidwa, atsuke bala ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Funsaninso za katemera wa matenda otsekula m'mimba magazi amene amapha ana agalu, chifukwa amatha kukutherani ana onse sabata imodzi.

Mankhwala a njoka zam'mimba apatseni miyezi itatu iliyonse. Ana agalu amayamba ali ndi milungu iwiri, n'kumabwereza milungu iwiri iliyonse mpaka atakwana miyezi itatu. Galu wodya bwino koma nthiti zili pamtunda, ubweya uli nyankhalala, yambani mwaganiza za njoka.

Nkhupakupa ndi mdani wa tsiku ndi tsiku. Madzulo aliwonse pisani zala m'makutu, pakhosi ndi pakati pa zala za mapazi. Dibi wa agalu gulani kusitolo ya mankhwala a ziweto ndipo musungunule monga zalembedwera pabotolo. Mankhwala opopera thonje kapena tomato apha agalu ambiri a anthu ofuna kupulumutsa ndalama. Zoloweraninso kukweza mlomo wa galu n'kuyang'ana nkhama: zikhale zofiirira. Zikayera, galu ali lefu, sakudya, mkodzo wada, amenewo ndi malungo a nkhupakupa ndipo akufunika jakisoni wa adokotala a ziweto mwachangu. Amene mumakhala kufupi ndi Liwonde kumbukirani akashembe, ntchentche zoluma zimene zimadwalitsanso agalu. Galu akamawonda, thupi kutentha, maso kuchita chifunga, auzeni adokotalawo kumene wakhala akuyenda. Nthawi ya dzinja, timatuza tokhala ndi kabowo pakati ndi mphutsi zochokera m'dothi lonyowa ndi mkodzo pomwe amagona. Tsekani kabowoko ndi Vaseline, dikirani pang'ono, finyani, mphutsi ituluke yathunthu. Kenako sesani pogona pake, muyalepo thumba louma pamalo okwera.

Chakudya n'chosavuta kwa ife a kunyanja. Phala lolimba la mgaiwa, muikemo bonya, usipa wophwanyika, kambuzi kapena mitu ya nsomba yophika mpaka minga itafewa, ndi kamafuta pang'ono. Gaga yekha amadzaza mimba koma samanga thupi. Nsomba ya mchere wambiri iviikeni kaye. Anyezi ndi woipa kwa galu, choncho ndiwo zotsala zodzaza anyezi si zawo, ndipo mafupa ophika a nkhuku amathyoka mosongoka n'kubaya matumbo. Wamkulu adye kawiri pa tsiku nyengo yosaka, madzi asachoke pamthunzi. Chikhulupiriro choti galu wanjala ndiye amasaka bwino chinachokera kwa anthu omana. Wanjala amatopa dzuwa lisanakwere, ndipo akapeza mbewa amasiya nguluwe.

Zokonzekera dzulo lake

Pitani nokha kumunda, popanda agalu, mukawerenge mapazi. Onani polowera ndi potulukira, kuchuluka kwake, ngati pali ana. Tsatani pang'ono mpaka mudziwe chigwa chomwe zalowera, koma musafike pogona pake. Matope omwe zapaka pamitengo podzikanda akuuzani kutalika kwa yaikulu.

Mkondo ukhale wa mpeni wotambalala, wonoledwa mbali zonse, pa mtengo wolimba wotalika kuposa inu pang'ono. Pitani nawo kwa owotcherera akuikireni kachitsulo kopingasa kumbuyo kwa mpeniwo. Nguluwe yobayidwa imakankha kutsata mkondo kuti ikupezeni, ndipo kachitsuloko ndi kamene kamaiimitsa. Mfuti ndi ya okhawo ali ndi chiphaso cha kupolisi, ndipo ngakhale iwo asawombe agalu ali pafupi ndi nyama.

M'thumba muikemo madzi okwanira anthu ndi agalu, kambale komwera, nsalu zochapa bwino, bandeji, ayodini, pepala la pulasitiki loyera, zingwe za agalu onse ndi chitenje chakale chonyamulira wovulala. Ngati mungathe, telala kapena wosoka nsapato akusokereni kolala yotambalala ya chikopa kapena ya tenti yokhuthala yophimba khosi lonse. Ena amasoketsa chovala chofika pachifuwa. Chimateteza ndithu, koma ndi kutentha kwa Mangochi chimatha kumupha galu chisanamupulumutse, ndiye muvekeni pomumasula ndipo muvuleni ntchito ikangotha.

Agalu adye bwino madzulo, m'mawa angomwa madzi. Anthu mukhale atatu kapena anayi, osaledzera, ndipo gwirizanani kale amene adzabaye. Ana atsale kumudzi.

Tsiku la uzimba

Nyamukani kukungocha, mame asanaume, chifukwa fungo limagwira bwino pa udzu wonyowa. Miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ikamakwana 9 koloko muzikhala mukubwerera.

Agalu onse akhale pachingwe mpaka mutafika pa mapazi atsopano. Atsopano amakhala akuthwa m'mbali, dothi lofukulidwa likadali lonyowa, udzu wapukutika mame. Pamenepo masulani wamkota yekha. Ena adikire. Tapani fumbi mulisiye ligwe kuti muone kolowera mphepo, ndipo muziyenda mphepo ikukuombani kumaso, poti nguluwe siona bwino koma imanunkhiza ndi kumva kutali. Pakamwa pakhale potseka.

Mvetserani mauwidwe. Kuuwa kodukizadukiza kosuntha ndiye kuti akuithamangitsa. Kuuwa kosalekeza pamalo amodzi ndiye kuti yaima, yatsamira chitsamba kapena mwala kumbuyo. Apa masulani awiri ena kuti aizinge, ndipo inu fulumirani. Mphindi iliyonse yomwe mwachedwa, agalu amayandikira nyama pang'onopang'ono mpaka wina alakwitse.

Poyandikira musalowe m'kanjira kake. M'ziyangoyango nguluwe zimakhala ndi timipita tangati mphanga, ndipo ikafuna kuthawa imatulukira momwemo mosayang'ana amene waima. Zungulirani, mufike cham'mbali kapena chakumbuyo, ndipo ngati pali potsetsereka mukhale kumtunda. Munthu aliyense asankhiretu mtengo womwe angabisalire kapena kukwera. Musanachite kanthu imani muone: ndi imodzi kapena pali ina yobisala? Pali ana? Galu aliyense ali pati?

Wobaya adikire mpaka nguluwe itatembenukira agalu n'kumupatsa nthiti. Malo ake ndi kumbuyo kwenikweni kwa mwendo wamwamba, chakumunsi, chifukwa mtima wa nguluwe uli pansi ndiponso kutsogolo kuposa momwe ambiri amaganizira. Paphewa pali chikopa chokhuthala, pamutu pali fupa, pamimba mungoivulaza n'kuikwiyitsa. Bayani ndi manja awiri, thupi lonse litsamire pamkondo, ndipo musausolole mpaka itagwa. Mkondo sauponya agalu ali pomwepo. Wachiwiri aime pambali ndi wake, okonzeka kumaliza mwachangu kuti nyama isazunzike.

Ikakuthamangirani musathawe chamtunda wowongoka, imakuposani liwiro. Lumphirani pambali kuseri kwa mtengo. Ikapyola n'kuthawa, agalu aitsate kamodzi kapena kawiri basi. Mukaona malilime atuluka kwambiri, imbani likhweru. Nguluwe yothamangitsidwa kwambiri imayamba kuuopa mundawo, ndipo chomwe munadzera n'chimenecho.

Yagwa, dikirani. Ikhudzeni diso ndi nsonga ya mkondo muli kumbuyo kwake musanalole galu kapena munthu kuyandikira.

Galu akavulala kapena akatenthedwa

Musanayambe za nyama, werengani agalu, muwamange, muwapatse madzi pang'onopang'ono. Kenako mugwireni aliyense ndi manja thupi lonse: pakhosi, m'khwapa, pansi pa mimba, m'mphechepeche. Galu akadali ndi ukali wa uzimba saonetsa ululu, ndipo dzino la nguluwe limasiya kabowo kakang'ono kunja pomwe mkati lang'amba patali.

Wovulala mumangeni pakamwa ndi kansalu musanamugwire, ngakhale ndi wanu wokonda, chifukwa ululu umalumitsa. Ngati akuvutika kupuma kapena akusanza, pakamwa pasiyeni. Magazi akamatuluka, pindani nsalu, tsindikani pabala mwamphamvu mphindi zosachepera zisanu osasuzumira. Nsalu ikanyowa, ikani ina pamwamba. Akasiya, tsukani ndi madzi owiritsa ozizira momwe mwasungunulamo supuni yaing'ono imodzi ya mchere pa theka la lita, mumete ubweya m'mbali, mupake ayodini wosungunula. Bala la dzino musalisoke pakhomo. Mukatseka dothi mkati limatukusira, pakatha masiku atatu fungo limayamba. Dothi, ndowe, oyilo wa galimoto ndi asidi wa batire si mankhwala. Mapiritsi a anthu ochepetsa ululu, makamaka ibuprofen, amawononga mimba ndi impso za galu, choncho musamupatse popanda adokotala a ziweto.

Matumbo akatuluka, musawakankhire mkati. Atsireni madzi a mchere aja, muwaphimbe ndi nsalu yonyowa yoyera, mukulunge mimba yonse ndi chitenje mosathinitsa, mumunyamule. Ngati matumbowo sanabooke ndipo mwafika msanga kwa adokotala, galu amatha kuchira. Bala la pachifuwa lomwe likumveka kuyamwa mpweya, liphimbeni ndi pulasitiki uja, mumange, muthamange naye. N'chifukwa chake nambala ya foni ya mlangizi wa ziweto ndi ya wa kabaza wanjinga yamoto zikhale m'foni mwanu musananyamuke.

Kutentha kumapha mwakachetechete kuposa mano. Galu akamapuma mothamanga osalekeza, dovu lili chuchuchu, nkhama zafiira kwambiri, akuyenda dzandidzandi, mugonekeni pamthunzi, mumuthire madzi pamimba, m'khwapa ndi m'mapazi, mumukupize. Amwe pang'onopang'ono ngati angathe, osamukakamiza. Tsiku limenelo asayendenso, munyamuleni. Akalumidwa ndi mphiri, musatemere kapena kumanga mwendo, ingomunyamulani asayende. Njoka ikamulavulira m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali. Chitedze chimachoka ndi kusambitsa, musamulole kudzikanda mpaka kutuluka magazi.

Kunyumba, wovulala agone payekha pamalo ouma, bala litsukidwe kawiri pa tsiku, ndipo mulitchinjirize ku ntchentche kuti zisaikiremo mphutsi. Asabwerere kutchire mpaka bala litatsekeka ndipo akuthamanga osatsimphina.

Nyama, matumbo ndi chigodola

Apa oweta nkhumba tcherani khutu. Nguluwe imatha kukhala ndi kachilombo ka chigodola cha nkhumba iyo ikuoneka yabwinobwino. Kwa munthu ndi galu kachilomboka sikachita kanthu, koma kakalowa m'khola kamatha nkhumba zonse, ndipo matendawa alibe mankhwala. Kamakhala m'nyama miyezi ingapo, ngakhale yowamba kapena yothira mchere. Choncho senderani kutchire, kutali ndi makola. Matumbo ndi zonse zotaya zikwirireni m'dzenje lakuya kapena zitentheni. Zovala, nsapato ndi mipeni zichapidwe ndi sopo musanayandikire khola, madzi otsukira nyama asapite kwa nkhumba, ndipo agalu asabwere ndi mafupa kumudzi. Chikopa chophunzitsira ana agalu chija, ngati mumaweta nkhumba, chisungidwe kwa mnzanu amene saweta.

Agalu apatseni gawo lawo, agwira ntchito, koma likhale lophika. Chiwindi, mapapo ndi matumbo osaphika ndi njira ya njoka zam'mimba zimene pambuyo pake zimafika kwa ana anu kudzera m'chimbudzi cha galu. Posenda, amene ali ndi chilonda m'manja asagwire. Yang'anani pansi pa lilime, mu mtima ndi m'minofu ya m'masaya. Mukaona timatuza toyera tokhala ndi madzi, nyamayo ikwirireni yonse. Yabwinoyo iphikidwe mpaka mkati musatsale pofiira, ndipo yootcha mothamanga pamoto wa kutchire ija, kunja kwapsa mkati muli magazi, ilekeni. Kagawidwe katsate mwambo wa mudzi wanu ndi zomwe a zanyama zakutchire anakuuzani, ndipo kawadziwitseni kuti mwapha.

Agalu apume masiku awiri kapena atatu, akudya bwino, mukuyang'ana mapazi ngati mwalowa minga kapena ang'ambika. Wa bere, woyamwitsa ndi wokalamba amene mano ayamba kutha atsale pakhomo. Wamkota akayamba kuchedwa, muzimutenga pa maulendo aafupi okha ophunzitsa ana, ndipo yambani kulera womulowa m'malo iye akadali ndi mphamvu, chifukwa galu wotsogolera amatenga zaka ziwiri kapena zitatu kuti akhwime.

M'mawa uliwonse sabata yotsatira zungulirani munda muone mapazi. Polowera paja kumbanipo ngalande yakuya kapena tsekanipo ndi minga yothinana, ndipo lambulani tchire la m'mbali kuti zisapeze pobisala. Mukapeza kuti zomwe zikubwerazo zikuchokera m'nkhalango ya boma n'kubwereranso komweko kusanache, agalu anu sangathandizepo. Bwererani kwa amfumu, mulembe dandaulo la mudzi wonse, mukalipereke kwa oyang'anira nkhalangoyo.